Mussolini Atagwa, Nkhondo Inatsala

Senderani pafupi adzukulu, ndikuuzeni za dziko la Italy, lija asilikali ake anamenyana ndi makolo athu a King's African Rifles ku Somaliland ndi ku Ethiopia mu 1941, pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse.

Ku Italy kunali wolamulira wankhanza, Benito Mussolini, bwenzi la ponda apa nane mpondepo la Hitler. Anakhala pampando kuyambira 1922, koma asilikali a Britain ndi America atalowa pachilumba cha Sicily mu Julaye 1943, anzake omwe anamutembenukira. Pa 25 Julaye mfumu Victor Emmanuel III inamuchotsa paudindo n'kumumanga. Anthu anavina m'misewu ya Rome poganiza kuti nkhondo yatha. Analitu asanaone.

Wolowa m'malo mwake, Pietro Badoglio, analengeza kuti nkhondo ipitirira, Italy ikadali kumbali ya Germany. Uku akutero, mwakachetechete anatuma mkulu wa asilikali, Giuseppe Castellano, ku Lisbon kukakumana ndi nthumwi za Eisenhower, mtsogoleri wa asilikali a Britain ndi America aja. Castellano ankafuna kuti Italy ingosintha mbali, koma anamuuza kuti ayambe agonja kaye, popanda zonenerera. Zokambiranazo zinatenga masabata, ndipo Hitler, amene sanapusitsike, anali kalikiliki kuthira asilikali ake mu Italy.

Pangano losiya kumenyana linasainidwa mobisa ku Cassibile pa 3 Seputembala, n'kulengezedwa pawailesi pa 8. M'bandakucha wa tsiku lotsatira mfumu ndi Badoglio anathawa mu Rome kulowera ku Brindisi, osasiyira asilikali awo malangizo omveka. Akulu anati mapanga awiri avumbwitsa, komatu amene anavumbwa pano sanali atsogoleriwo ayi. Majeremani analanda Rome, nagwira asilikali a Italy oposa 600,000 kukawagwiritsa ntchito yakalavulagaga. Pachilumba cha Cephalonia, ambiri amene anakana kutula zida anawomberedwa. Pa 12 Seputembala Majeremani anatulutsa Mussolini ku Gran Sasso, kumene anamutsekera, n'kumuika kuti alamulire kumpoto, ndipo ana a dziko limodzi anaphana okhaokha mpaka 1945.

Anthu sanaiwale kuthawa kuja. Pa 2 Juni 1946 anavota kuti ufumu uthe, ndipo pangano la mtendere la ku Paris la 1947 linalanda Italy maiko amene inkalamulira mu Afirika. Ndiye mukadzamva kuti wankhanza wagwa, vinani ndithu, koma muyang'anitsitse amene atsala pabwalo la zokambirana, ngati akupulumutsa dziko kapena mipando yawo.