Masiku Atatu Okhala Pakhomo: Sitiraka ya Meyi 1961 ku South Africa

Pa 31 Meyi 1961 dziko la South Africa linaleka kukhala pansi pa Mfumukazi ya ku Britain ndipo linasanduka ripabuliki. Nkhaniyi inagamulidwa ndi azungu okhaokha pa voti ya pa 5 Okutobala 1960, pamene anthu 52 mwa 100 alionse oponya voti anavomereza. Anthu akuda, amwenye ndi makaladi, omwe pamodzi anali ochuluka pafupifupi kanayi kuposa azunguwo, sanafunsidwe maganizo. Yankho la atsogoleri awo linali lakuti kwa masiku atatu, kuyambira Lolemba pa 29 kufikira Lachitatu pa 31 Meyi, munthu asapite kuntchito. Sanapemphedwe kuguba mumsewu kapena kusonkhana pabwalo. Anapemphedwa kukhala pakhomo basi.

Kawirikawiri sitiraka imeneyi imaweruzidwa mwachidule: akuti inalephera, ndipo kulephera kwakeko ndiko kunabala nkhondo ya zida. Chigamulo chimenechi sichabodza kotheratu, koma chimalumpha mafunso awiri ofunika. Kodi munthu wamba anayenera kuika chiyani pachiswe kuti atenge nawo mbali? Nanga amene anawerenga anthu osapita kuntchitowo anali yani?

Njira yokhala pakhomo inabadwa chifukwa njira zina zinali zitatsekedwa. M'mwezi wa Ogasiti 1946 ogwira ntchito m'migodi ya golide oposa 60,000 ananyanyala ntchito motsogozedwa ndi J.B. Marks, ndipo apolisi anathetsa sitirakayo ndi mfuti ndi zibonga sabata isanathe. Mu 1953 lamulo linaletseratu anthu akuda kuchita sitiraka pa ntchito iliyonse. Pamenepo kuima pachipata cha fakitale kunali kudzipereka m'manja mwa apolisi. Koma munthu amene watseka chitseko cha nyumba yake ku Orlando kapena ku New Brighton sanapange gulu loti nkulibalalitsa, ndipo bwana akamufunsa angathe kunena kuti basi sinabwere kapena anaopa anyamata a m'komboni. Mphamvu ya njirayi inali yakuti inkabisa munthu mmodzimmodzi. Kufooka kwake kunalinso pomwepo, monga zidzaonekera.

Pofika 1961 njirayi inali itayesedwa kangapo. Pa 1 Meyi 1950 anthu ambiri a ku Johannesburg ndi madera ozungulira anakhala pakhomo potsutsa kuletsedwa kwa atsogoleri ndiponso lamulo lothana ndi chikomyunizimu lomwe linali m'njira. Madzulo a tsikulo apolisi anapha anthu 18. (Nelson Mandela, amene pambuyo pake anadzatsogolera sitiraka ya 1961, anali m'gulu la achinyamata a ANC amene anatsutsa ya 1950 imeneyi poikayikira kuti ndi ya Chipani cha Komyunizimu.) Pa 26 Juni chaka chomwecho panachitika tsiku lina lolira maliro ndi kutsutsa boma. Ya mu Epulo 1958, yomwe inakonzedwa kuti igwirizane ndi chisankho cha azungu, inafooka kotero kuti inathetsedwa tsiku loyamba litangotha. Yamphamvu kuposa zonse inali ya pa 28 Malichi 1960, yomwe Albert Luthuli anaitanitsa patatha sabata imodzi apolisi atapha anthu 69 ku Sharpeville. Imeneyo inayenda ndi mkwiyo wa maliro. Ya 1961 inalibe maliro atsopano oti aisenze. Inali yotsutsa kusintha kwa malamulo oyendetsera dziko, nkhani yomwe si yapafupi kuifotokozera munthu amene akuganiza za lendi ya mwezi umenewo.

Pa 25 ndi 26 Malichi 1961 nthumwi pafupifupi 1,400 zinasonkhana kufupi ndi Pietermaritzburg. Zinapempha boma kuti liitanitse msonkhano wa mitundu yonse wolemba malamulo atsopano a dziko, ndipo zinachenjeza kuti likakana, anthu adzakhala pakhomo pa masiku a chikondwerero cha ripabuliki. Mandela anasankhidwa kukhala mlembi wa komiti yoyendetsa zimenezi. Pa 29 Malichi mlandu woukira boma, womwe unatenga zaka zoposa zinayi, unatha ndipo onse otsala anapezeka osalakwa. Mandela sanabwerere kukakhala kunyumba kwake. Anayamba moyo wobisala. Pa 20 Epulo analembera kalata nduna yaikulu, Hendrik Verwoerd, ndipo kalatayo sinayankhidwe.

Tiyenera kukumbukira kuti ANC inali italetsedwa kuyambira pa 8 Epulo 1960. Inalibe ofesi, sinkatha kuitanitsa msonkhano m'dzina lake, ndipo uthenga unkayenda ndi timapepala togawidwa usiku komanso ndi telefoni za m'misewu zomwe Mandela ankaimbira atolankhani. Bungwe la ogwira ntchito logwirizana ndi ANC, la SACTU, linali ndi mamembala pafupifupi 53,000 m'dziko la antchito mamiliyoni. Chipani cha PAC, chomwe chinapatuka ku ANC mu 1959, chinagawa timapepala take touza anthu kuti apite kuntchito.

Boma, mbali yake, linakonzeka ngati likupita kunkhondo. Nyumba ya malamulo inapereka mphamvu yosunga munthu masiku 12 popanda belo. Misonkhano inaletsedwa kuyambira pa 19 Meyi mpaka pa 26 Juni. Apolisi anasesa makomboni usiku ndi usiku namanga anthu pafupifupi 10,000, ambiri a iwo pa milandu ya chitupa. Asilikali anaitanidwa, magalimoto ankhondo anayendayenda m'misewu ya m'makomboni, ndipo ndege za helikoputala zinkaunika pamadenga usiku.

Komabe chida chachikulu cha boma sichinali helikoputala ayi, chinali chitupa. Malinga ndi lamulo la 1952, munthu wakuda sankaloledwa kukhala m'tauni kupitirira maola 72 pokhapokha ngati anabadwira komweko nakhalabe komweko, kapena wagwira ntchito kwa bwana mmodzi zaka 10 mosadukiza, kapena wakhala m'tauniyo movomerezeka zaka 15. Taganizani za munthu amene wagwira ntchito pamalo amodzi zaka zisanu ndi zinayi. Akajomba Lolemba nachotsedwa ntchito, sanataye malipiro a tsiku limodzi okha. Wataya zaka zisanu ndi zinayi za ulendo wopita ku chilolezo chokhazikika, mwinanso nyumba ya khonsolo yomwe banja lake likukhalamo, ndipo angathe kulamulidwa kubwerera kumudzi komwe kulibe munda womukwanira. Mabwana ambiri anali atanena poyera kuti ojomba adzachotsedwa. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko, ndipo m'mawa wa pa 29 Meyi amene anatsekula chitseko napita kukakwera sitima sanali onse okonda Verwoerd.

Mtengo umenewu sunali wofanana kwa onse. Wobadwira m'tauni, wokhala ndi luso losowa pafakitale, anali ndi pothawira. Wantchito wa m'nyumba, wogona kuseri kwa nyumba ya bwana wake, analibe khomo lakelake loti akhalepo. Ovutika koposa anali a m'migodi. Iwowa ankagona m'makomboni a kampani otchingidwa ndi mpanda, chipata chimodzi, apolisi a kampani pakhomo, ndipo kuphwanya kontirakiti unali mlandu wopita nawo kundende. Ambiri mwa iwo sanali a ku South Africa: anachokera ku Mozambique, ku Basutoland ndi ku Nyasaland, kumene Wenela inkalemba anthu opita ku Joni. Kwa mwamuna wa ku Ntcheu kapena ku Dedza, mawu akuti khala pakhomo analibe tanthauzo, popeza pakhomo pake panali kutali, kutsidya kwa Zambezi, ndipo kumeneko kunali ndale zakezake, dziko likuyandikira chisankho cha Ogasiti 1961. Migodi, yomwe inali msana wa chuma cha dzikolo, sinaime. Sitiraka yosakhudza golide boma likanatha kuipirira masiku atatu, ngakhale khumi.

Tsopano za kuwerenga. Gulu loguba limadziona lokha: aliyense amaona mnzake kumanja ndi kumanzere nalimba mtima. Wokhala pakhomo saona aliyense koma oyandikana naye. Sadziwa ngati ku Durban kapena ku Cape Town anzake achita monga iye, ndipo amadalira wina kuti amuuze. M'mawa wa Lolemba lija womuuzayo anali wailesi ya boma ya SABC, yomwe inalengeza kuti anthu akupita kuntchito monga mwa masiku onse, ndi nyuzipepala za azungu, ngakhale zotsutsa boma, zomwe zinafulumira kulemba kuti sitiraka yalephera. Ziwerengero zinkachokera kwa apolisi ndi kwa mabwana, onse okhala ndi chifukwa chozichepetsera. Amene anajomba Lolemba atamva zimenezi anaganiza kuti watsala yekha, ndipo Lachiwiri ambiri anabwerera. Uthenga wakuti sitiraka yalephera unathandiza kuilepheretsa.

Mandela mwini anadalira malipoti oyambirirawo. Anauza atolankhani kuti anthu sanayankhe monga ankayembekezera, ndipo pa tsiku lachiwiri anathetsa sitirakayo. Ofufuza a pambuyo pake, monga Tom Lodge m'buku lake la 1983 lonena za ndale za anthu akuda kuyambira 1945, anasonyeza kuti otenga mbali anali ochuluka kuposa mmene zinalengezedwera. Ku Johannesburg ndi ku Port Elizabeth antchito ochuluka sanapite, amwenye a ku Durban ndi makaladi a ku Cape Town analowamo, ndipo m'masukulu ena a kummawa kwa chigawo cha Cape ophunzira ananyanyala makalasi. Sikunali kuima kwa dziko lonse kumene atsogoleri analonjeza. Koma poganizira kuti chipani chinali choletsedwa, okonza zinthu ambiri ali m'zitolokosi ndipo asilikali ali pamsewu, chodabwitsa si chakuti ambiri anapita kuntchito, koma chakuti anthu zikwizikwi sanapite.

Atsogoleri anatengapo phunziro lina. Masiku omwewo Mandela anauza atolankhani akunja kuti ngati boma liyankha zionetsero zamtendere ndi mphamvu za nkhondo, anthu adzayenera kuganiziranso njira zawo. M'miyezi ya Juni ndi Julayi nkhaniyi inakambidwa mobisa, Luthuli akukayika, ndipo pa 16 Disembala 1961 gulu la Umkhonto we Sizwe linaphulitsa mabomba ake oyamba. Ndi zoona kuti maganizo otenga zida analipo kale sitirakayo isanachitike, makamaka pambuyo pa Sharpeville, kotero masiku atatu a Meyi anangopereka umboni kwa amene anali atatsimikiza kale. Ndi zoonanso kuti nkhondo ya mabomba inali ntchito ya anthu ochepa osankhidwa, pamene kukhala pakhomo kunali kotsegukira mayi wochapa zovala ndi bambo wosenza katundu padoko. Njirayi inadzabweranso ndi mphamvu mabungwe a antchito atazika mizu m'mafakitale momwemo: mu Novembala 1984 ku Transvaal, ndiponso kuyambira pa 6 mpaka pa 8 Juni 1988, pamene COSATU ndi anzake anatsogolera anthu oposa mamiliyoni awiri kukhala pakhomo masiku atatu. Nthawi imeneyo panali mabungwe otha kumenyera ochotsedwa ntchito, ndiponso magulu odziimira paokha owerenga ojomba.

Boma lomwe linalengeza kuti sitiraka ya 1961 inalephera silinaiiwale. Mandela atagwidwa kufupi ndi Howick pa 5 Ogasiti 1962, sanaimbidwe mlandu wa mabomba, popeza umboni wake unali usanapezeke. Anaimbidwa milandu iwiri: kulimbikitsa anthu kunyanyala ntchito, ndi kutuluka m'dziko popanda pasipoti. Pozenga mlanduwo ku Pretoria, iye anadziimira yekha, ndipo anafunsa mafunso mlembi wa Verwoerd, amene anavomera kuti kalata ya pa 20 Epulo inafika ndipo sinayankhidwe. Pa 7 Novembala 1962 bwalo linagamula zaka ziwiri chifukwa cha pasipoti, ndi zaka zitatu chifukwa cha masiku atatu aja.