MBANDE M'NYENGO YA MWERA

Pa Ngara, m'mphepete mwa nyanja m'boma la Karonga, msewu waukulu wa M1 umapatsa munthu wofuna kuona malo opatulika njira ziwiri. Akalowera kummwera, napyola Chilumba, nafika pa Chitimba, akwera phiri kunka ku Khondowe, kumene Dr Robert Laws adakhazikitsa Livingstonia m'chaka cha 1894. Akalowera kumpoto, nafika pa boma la Karonga, nakhotera kumadzulo mu msewu wa ku Chitipa, pakatha makilomita pafupifupi 13 aona phiri la Mbande, kufupi ndi mtsinje wa North Rukuru. Za ku Khondowe ambiri a ife pano pakoleji timazidziwa, pakuti ngati sitidaphunzire komweko ifeyo, ndiye kuti adaphunzirako ndi aphunzitsi athu kapena agogo athu. Koma tikafunsana za Mbande m'kalasi, amene angayankhe ndi owerengeka. Chonsecho Mbande lidali likulu la ufumu ndi la chipembedzo zaka mazana Laws asanabadwe.

Nthawi yabwino yokaona phirili ndi Juni kapena Julayi. M'miyezi imeneyi mwera umakuntha panyanja kotero kuti masiku ena asodzi a usipa a pa Ngara amangokhala pamchenga kusoka maukonde. Mpunga m'madambo a Karonga umakhala utakololedwa, njira zauma, ndipo m'mawa kumakhala kachisanu kamene anthu a kunyanja amakadandaula ngakhale kuti munthu wa ku Dedza angakaseke. Si nyengo yopempha mvula, choncho palibe amene ali ndi chifukwa chothamangira kwa mizimu. Mlendo amakwera phirilo yekha ndi munthu wakumaloko womuperekeza. Akuluakulu adati kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo Mbande ndi malo ofuna kudekha kotero, chifukwa pamwamba pake palibe tchalitchi, palibe nsanja ya belu, palibe nyumba yamiyala. Pali mitengo ndi udzu wouma, ndipo chakummawa kuli chigwa chonse cha Ankhonde chitayalika mpaka kunyanja. Wobwera ndi maso a ku Khondowe amatsika atakhumudwa, nafunsa kuti mzindawo uli kuti. Yankho la funso limeneli ndiyo mbiri ya malowa.

Mbiri yapakamwa ya Ankhonde imati Kyungu woyamba, dzina lake Syora, adali mlendo wochokera kumapiri a kumpoto kwa nyanja, m'dziko limene lero ndi Tanzania. Owen Kalinga, amene adaphunzitsa mbiri ku Chancellor College nasindikiza buku la mbiri ya ufumu wa Ankhonde m'chaka cha 1985, amaika kufika kwa Syora cha m'ma 1600. Pa nthawiyo pa Mbande padali kale wolamulira wina, Simbobwe, amene sadali pa ubale wabwino ndi eni nthaka. Syora adachenjera pamenepa. M'malo moyamba ndi nkhondo, adayamba wapalana ubwenzi ndi akuluakulu a mabanja amene adawapeza, makamaka Mwenekisindile, wosunga kachisi wakale wa m'deralo. Nthano imati pomaliza ng'oma ya Kyungu idamveka pamwamba pa Mbande, ndipo Simbobwe pakumva kulira kwake adadziwa kuti dziko lamuchoka, nathawa. Kaya zidachitikadi chomwecho kaya ayi, chimene nthanoyi ikutiuza n'chomveka: ufumuwo udabadwa mwa pangano pakati pa mlendo ndi eni kachisi. Mlendo adabwera ndi kalumo kakuthwa, koma pometa adafunikabe chilolezo cha eni mutu.

Pangano limeneli lidali ndi mtengo wake, ndipo wolipira adali Kyungu mwini. Godfrey Wilson, amene adafufuza pakati pa Ankhonde nasindikiza zimene adapeza m'chaka cha 1939, adalongosola kuti Kyungu wakale adali kukhala mobindikira pa Mbande. Anthu wamba sadali kumuona. Olankhula naye ndi kutumikira dziko m'malo mwake adali nduna zake zotchedwa makambala, zidzukulu za amene adafika naye ndi za amene adamulandira. Anthu adali kukhulupirira kuti mvula, zokolola, kuswana kwa ng'ombe ndi umoyo wa ana zonse zidali zomangika ku thupi la mfumuyo. Tsono ngati thupi la mfumu ndilo dziko, ndiye kuti kudwala kwake si nkhani ya pabanja. Wilson adauzidwa kuti Kyungu akadwala matenda oopsa, makambala sadali kudikira kuti imfa imutenge yokha, koma adali kumutsamwitsa mwachinsinsi, kuopa kuti angapite kumanda pamodzi ndi chonde cha dziko. Adauzidwanso kuti m'mibadwo yoyamba ana aamuna ambiri a Kyungu sadali kuloledwa kukula, kuti pasakhale olimbirana mpando.

Apa ndi pamene tiyenera kuima pang'ono, pakuti m'masewero ndi m'ndakatulo zathu timakonda kulemba za mafumu akale ngati anthu ongolamula, onena mawu amodzi dziko lonse n'kugwada. Kyungu wa pa Mbande adali wolemekezeka kuposa munthu aliyense m'chigwamo, koma analibe ufulu woyenda kukaona ng'ombe zake kudambo, ngakhale ufulu wokalamba. Ulemu wake udali wa mulungu, moyo wake udali wa mkaidi. Mphamvu yeniyeni ya tsiku ndi tsiku idali m'manja mwa amene adali kusunga khomo. Zoterezi tikuzidziwa kwina m'dziko lathu lomwe lino. Ku Msinja, Makewana adali ndi miyambo yomumanga pa tsitsi lake ndi pa mayendedwe ake chifukwa cha mvula, ndipo ku Khulubvi, m'boma la Nsanje, mkazi wa Mbona adali kukhala mobindikira pafupi ndi kachisi. Kusiyana kwake n'kwakuti pa Mbande wobindikirayo adali mfumu ya dziko.

Tikamvetsa zimenezi, funso la mlendo uja layankhidwa. Mbande sadamangidwe kuti anthu adzionerere. Mphamvu yake idali m'kubisika. Nyumba zake zidali za mitengo, nsungwi ndi udzu, monga zidaliri nyumba zina zonse za Ankhonde, ndipo chiswe ndi moto wa lupsa zidamaliza ntchito yake kalekale. Zotsala zili pansi pa nthaka. K. R. Robinson, katswiri wofukula zakale, adakumba pa phirili, ndipo lipoti lake la m'chaka cha 1966 lidanena za mapale ndi mikanda yagalasi yochokera kunja kwa dziko lino.

Mikanda imeneyi idautsa mkangano umene ophunzira a mbiri ayenera kuudziwa. Wilson adaganiza kuti malonda a minyanga ya njovu, odzera panyanja, ndiwo adakweza Kyungu kuchoka pa unsembe kufika pa ufumu wamphamvu, kusiyana ndi abale ake a ku Unyakyusa amene adatsala ansembe chabe pakati pa timafumu tambirimbiri. Kalinga adatsutsa. Iye adati umboni wa malonda aakulu akutali m'zaka zoyambirirazo ndi wochepa, ndipo kuti ufumuwo udakula chifukwa cha zochitika m'kati mwake: mapangano ndi eni nthaka, maukwati, kugawa maudindo, ndiponso chipembedzo cha makolo a Kyungu chimene pang'onopang'ono chidaphimba akachisi akale. Mkanganowu si wa Karonga yekha. Funso lake ndi lakuti, kodi Mwafirika sangamange boma pokhapokha wamalonda wa kugombe atamubweretsera mikanda? Munthu akaima pa Mbande naona chigwa chodzala nthochi, mpunga ndi ng'ombe, amayamba kuganiza kuti anthu amenewa adali nacho chuma chokwanira kuchiteteza ndi kuchilongosola ngakhale popanda mkanda umodzi.

Chimene chidagwedeza dongosolo limeneli chidabwera m'zaka za m'ma 1880, ndipo chidabwera mbali zitatu nthawi imodzi. Ahenga, pothawa nkhondo za Angoni, adalowa m'chigwamo ndi mtsogoleri wao Kanyoli. Kampani ya African Lakes idatsegula sitolo pa Karonga m'chaka cha 1884, woyang'anira wake ali Monteith Fotheringham. Ndipo amalonda a minyanga ndi akapolo, Mlozi, Kopakopa ndi Msalema, adamanga malinga ao m'dera la Mpata, m'njira yochokera kunyanja kunka ku Tanganyika, pansi penipeni pa maso a Mbande. Poyamba adalandiridwa ngati alendo ofuna malo ogulitsira katundu. M'chaka cha 1887 chibwenzicho chidatha. Mlozi, mothandizidwa ndi Ahenga, adatentha midzi ya Ankhonde, nadzitcha Sultani wa dzikolo. Ku Kambwe, kumpoto kwa Karonga, anthu amene adabisala m'bango adayatsiridwa moto, ndipo othawa motowo adagwa m'manja mwa adani kapena m'kamwa mwa ng'ona. Opulumuka ambiri adathawira kumpoto, cha ku Songwe.

Nkhondo imene idatsatira imalembedwa kawirikawiri ngati ya Azungu ndi Aluya. Timawerenga za Frederick Lugard amene adavulala pothira nkhondo linga la Kopakopa m'chaka cha 1888, za pangano la mtendere limene Harry Johnston adachita m'chaka cha 1889, ndi za kupachikidwa kwa Mlozi mu Disembala 1895. Eni dziko amaoneka m'mabuku amenewa ngati onyamula katundu ndi ofuna kupulumutsidwa. Koma kwa Ankhonde nkhani idali ina. Mfumu imene thupi lake lidali kusunga dziko idalephera kuletsa mfuti, ndipo amene adachotsa Mlozi sadabweze dzikolo kwa mwini wake monga lidaliri. Kuyambira pamenepo Kyungu adayenera kukhala mfumu yooneka, yokambirana ndi bwanamkubwa, yoweruza milandu pabwalo. Lamulo la 1933 litakhazikitsa maulamuliro a mafumu, udindo wake udakhala wolembedwa m'mabuku a boma. Lero likulu la Kyungu lili ku Kasoba, m'chigwa, pakati pa anthu. Ufumu udapulumuka, koma udapulumuka potsika phiri.

Nthawi yomweyo phiri lina lidali kukwera. Ku Khondowe, Laws adamanga zinthu zoti aliyense aone: nyumba yamiyala ya 1903, msewu wokhotakhota wa Gorodi wotsikira kunyanja, madzi a m'mipope, magetsi, chipatala cha David Gordon, ndi sukulu ya Overtoun. Uwu udali mzinda wopatulika wa mtundu wina, wodalira kuitana anthu osati kuwapatula. Anyamata a m'mphepete mwa nyanja, a ku Karonga pamodzi ndi a kwina, adakwera phirilo ndi mphasa zao pamutu, natsika ali aphunzitsi, makalaliki ndi alaliki. Ena mwa iwo ndiwo adayambitsa North Nyasa Native Association pa Karonga m'chaka cha 1912, bungwe loyamba la mtundu umenewu m'dziko lino, Levi Mumba ali mlembi. Palibe chifukwa chonyozera Khondowe pofuna kukweza Mbande. Pajatu ngakhale zolembera zimene tikulembera mbiri ya Mbande zidadzera m'masukulu onga amenewo. Chofunika kuzindikira n'chakuti malo awiriwa amakumbukiridwa mosiyana. Khondowe ali ndi makalata, zithunzi, mabuku a ubatizo ndi nyumba yosungiramo zakale. Mbande ali ndi pakamwa pa nkhalamba.

Boma lidaika Mbande m'gulu la malo a mbiri otetezedwa, ndipo kuyambira 2004 pa Karonga pali nyumba yosungiramo zakale imene alendo amapitako kukaona mafupa a Malawisaurus. Mgodi wa Kayelekera utatsegulidwa m'chaka cha 2009, magalimoto akuluakulu adayamba kudutsa mu msewu wa ku Chitipa, pafupi ndi phirili. Dziko layenda, koma zimenezi sizisunga mayina a makambala, malire a akachisi, kapena ndondomeko ya ma Kyungu monga banja lililonse limainenera. Wilson adafunsa anthu amene adaona nkhondo ya Mlozi ndi maso ao. Kalinga adafunsa ana ndi zidzukulu zao. Amene angapite lero adzapeza mbadwo wina wotsatira, ndipo aliyense wa iwo akamwalira amapita ndi gawo limene silidalembedwe paliponse.

Tchuthi cha pakati pa chaka chimagwa m'nyengo yomweyi ya mwera, pamene akuluakulu a kumudzi sali otanganidwa ndi kumunda ndipo amakhala padzuwa m'mawa kuothera. Amene kwao ndi ku Ngara, ku Nyungwe, ku Mlare, ku Mpata kapena ku Kaporo ali ndi mwayi umene mlendo wa kunja alibe, chifukwa amamva Chinkhonde ndi Chitumbuka, ndiponso amadziwa kugwada ndi kudikira mpaka mkulu atayamba yekha. Asapite ndi mafunso a m'buku okha. Afunsenso Ahenga za mbali yao ya nkhondo ya 1887, afunse amayi za akazi a pa Mbande amene mabuku sawatchula, ndipo pamene mwini nkhani wanena kuti apa m'posanena, aike cholembera pansi.