Mapiri a Makhonjwa ndi Nyanja Yakale ya ku Barberton

Mapiri a Makhonjwa ali kummawa kwa chigawo cha Mpumalanga ku South Africa, ndipo amapitirira mpaka kulowa m'dziko la Eswatini. Miyala yake ndi ya zaka pakati pa 3.2 ndi 3.6 biliyoni, ndipo yambiri inapangika pansi pa nyanja imene lero kulibenso. M'madera ena miyala ya msinkhu wotere inapsa ndi kupindika moti mbiri yake inafufutika. Ya kuno, monganso ya ku Pilbara ku Australia, inasungika bwino, n'chifukwa chake mu 2018 bungwe la UNESCO linaika mapiriwa m'kaundula wa malo ofunika kutetezedwa padziko lonse.

Anthu anayamba kukumba kuno asanadziwe zimenezi. Ku Ngwenya, mbali ya Eswatini, anthu akale ankakumba dothi lofiira lodzola zaka zoposa 40,000 zapitazo. Chipwirikiti cha golide chinadza mu 1884, Graham Barber ndi abale ake atapeza mwala wa golide, ndipo tauni ya Barberton inatenga dzina lawo. Chaka chotsatira Edwin Bray anatulukira golide wochuluka pamene pali mgodi wa Sheba. Koma golide wa ku Witwatersrand atamveka mu 1886, ambiri analongedza katundu n'kupita.

Chuma china chinaonekera mochedwa. Mu 1969 mapasa awiri odziwa za miyala, Morris ndi Richard Viljoen, anafotokoza mwala wachilendo wa m'chigwa cha mtsinje wa Komati, umene anautcha komatiite. Unachokera ku chiphalaphala chotentha pafupifupi madigiri 1,600, pomwe chambiri cha masiku ano chimalekezera cha m'ma 1,200. M'matanthwe a m'mitsinje mumaonekanso miyala yobulungira, yosanjikizana ngati mitanda ya nsima m'mbale. Chiphalaphala chimaumbika chotero chikatulukira m'madzi: kunja kumazizira msanga n'kusanduka khungu lagalasi, m'kati mukadali moto, kenako khungulo limang'ambika n'kutulutsa mtanda wina. Umenewu ndi umboni wosatsutsika wakuti pamalopa panali pansi pa nyanja.

Zakuti munali zamoyo ndiye zinautsa mkangano. Mu 1966 Elso Barghoorn ndi William Schopf analengeza kuti aona zotsalira za mabakiteriya m'miyala ya kuno yotchedwa Fig Tree, koma ambiri anadzazikayikira. Maganizo anasintha mu 1977, pamene sitima yoyenda pansi pa madzi yotchedwa Alvin inapeza akasupe otentha pansi pa nyanja ya Pacific pafupi ndi zilumba za Galápagos. Kumeneko, kosafika dzuwa, mabakiteriya amakhalira moyo mankhwala otuluka m'miyala. Funso linabwera lokha: kodi moyo woyambirira sunabisale m'malo ngati amenewa?

Mu 2004 Harald Furnes ndi anzake anapeza timachubu tochepa kuposa tsitsi m'khungu la miyala yobulungira ija. Iwo anati n'timauna timene tizamoyo tinaboola podya galasilo zaka pafupifupi 3.5 biliyoni zapitazo. Nkhaniyi inakoma m'makutu, koma mu 2014 Eugene Grosch ndi Nicola McLoughlin anayeza titanite, mwala wodzaza m'timachubumo, n'kupeza kuti ndi wa zaka pafupifupi 2.9 biliyoni. Malinga ndi iwo, timachubuto tinapangika chiphalaphala china chitadzalowerera n'kutenthetsa miyalayo, popanda chamoyo chilichonse. Vuto la ntchito imeneyi lili pomwepa: kutentha, madzi ndi mchere zimatha kujambula m'mwala zinthu zonga zamoyo, ndipo maonekedwe okha sakwanira.

N'chifukwa chake kafukufuku wa Barbara Cavalazzi ndi anzake wa mu 2021 sanadalire maso okha. M'ming'alu imene munkadutsa madzi otentha kunsi kwa nyanja yakale ya ku Barberton zaka 3.42 biliyoni zapitazo, anapezamo tiulusi tokhala ndi chikuto cha kaboni, tina tomatirira kukhoma kwa mng'alu, tina tounjikana pamodzi. M'tiulusimo munalinso nickel, chitsulo chimene tizamoyo topanga mpweya wa methane timagwiritsa ntchito mpaka lero. Ofufuzawo anati n'kutheka kuti tinali tizamoyo ta mtundu umenewo, tosafuna dzuwa kapena okosijeni, tokhala pamene madzi ozizira a m'nyanja ankakumana ndi otentha ochokera pansi.