Mbaula

Mbaula ndi chophikira chonyamulika, chachitsulo kapena chadongo, chomwe moto wake umakhala m'kati mwake, osati pa mafuwa. Kalekale munthu akati mbaula, aliyense ankangoganiza za makala. Lero dzinali latambasuka. Ku Balaka kuno kuli Chitetezo Mbaula, youmbidwa ndi dothi, yomwe imadya nkhuni zochepa. Palinso mbaula yamagetsi ndi mbaula yagasi.

Yagasiyi ndiyo imasokoneza. M'mayiko ena gasi alipo mitundu iwiri: wina amafika m'nyumba kudzera m'mapaipi ngati madzi, wina amagulidwa m'masilinda. M'Malawi muno wa m'mapaipi kulibe. Amene tili nayeyu ndi wa m'silinda, LPG, wochokera kunja, ndipo mtengo wake amaika ndi a MERA, bungwe loyang'anira za mafuta, gasi ndi magetsi.

Choncho wowotcha nyama kuseri kwa nyumba amasankha pakati pa silinda ndi thumba la makala, omwe akumeta nkhalango ya Liwonde. Okonda kanyenya amaumirira kuti nyama yopanda fungo la utsi siikoma, ndipo pamenepo sakunama. Koma mukatuma mwana kukabwereka mbaula, muzinena kuti ndi iti.