Snellman, Mtolankhani Amene Anamenyera Chifinishi Polemba m'Chiswidishi

M'zaka za m'ma 1840, mlimi wa ku Finland akapita kukhoti, zikalata za mlandu wake zinkalembedwa m'Chiswidishi, chinenero chimene iye sankachidziwa. Anthu ambiri m'dzikolo ankalankhula Chifinishi, koma chinkangomveka pakhomo, kumunda ndi m'tchalitchi. Maofesi a boma ndi sukulu zapamwamba zinali za Chiswidishi, ngakhale kuti dzikolo linachoka m'manja mwa Sweden mu 1809 n'kukhala pansi pa mfumu ya Russia. Mmodzi mwa anthu amene anasintha zimenezi ndi Johan Vilhelm Snellman.

Snellman anabadwira ku Stockholm pa 12 May 1806, ndipo bambo ake anali woyendetsa sitima zapamadzi. Banjalo linasamukira ku Kokkola, ku Finland, iye ali mwana. Mu 1822 analowa yunivesite ya ku Turku, chaka chimodzi ndi Elias Lönnrot, amene pambuyo pake anasonkhanitsa ndakatulo za Kalevala. Snellman anazama pa maphunziro a nzeru za Hegel n'kuyamba kuphunzitsa ku Helsinki, koma atasemphana ndi akuluakulu a yunivesite anapita ku Sweden ndi ku Germany. Atabwerako anakhala mphunzitsi wamkulu wa sukulu ina ku Kuopio, kutali ndi likulu.

Kumeneko mu 1844 anayambitsa nyuzipepala ziwiri. Maamiehen Ystävä, kutanthauza bwenzi la mlimi, inali ya Chifinishi ndipo inkaphunzitsa anthu akumudzi. Saima inali ya Chiswidishi, yolembera ophunzira. Snellman mwiniwake ankalemba bwino m'Chiswidishi kuposa m'Chifinishi, ndipo anagwiritsa ntchito chinenero cha ophunzirawo powadzudzula. Mfundo yake inali yakuti dziko laling'ono silingadziteteze ndi zida koma ndi maphunziro, ndipo maphunzirowo sangazike mizu ngati ophunzira ndi anthu wamba sakumvana chinenero. Ndiye sanafune kuti alimi asiye Chifinishi. Anafuna kuti oweruza, aphunzitsi ndi akalaliki a boma achiphunzire n'kuyamba kuchilemba.

Boma silinakondwere nazo. Saima inatsekedwa kumapeto kwa 1846, ndipo mu 1850 kunatuluka lamulo loletsa kusindikiza mabuku a Chifinishi, kupatula a zachipembedzo ndi a zachuma. Zinthu zinayamba kusintha Alexander II atalowa ufumu mu 1855. Snellman anakhala pulofesa mu 1856, ndipo mu 1863 anapatsidwa udindo woyang'anira chuma cha boma. Chaka chomwecho anachititsa mfumuyo kusaina lamulo lakuti makhoti ndi maofesi azilandira zikalata za Chifinishi, ndiponso kuti pomatha zaka 20 azitulutsa zikalata zawo m'chinenerocho.

N'chifukwa chiyani mfumu inavomera? Snellman ankalimbikitsa anthu kukhala okhulupirika kwa mfumu ya Russia, ndipo nawo a ku Russia anaona kuti kukweza Chifinishi kuchepetsa chikoka cha Sweden. Ena anamunena kuti ndi wogonjera, koma njira imeneyi ndi imene inatsegula khomo.

Mbiri yake ilinso ndi banga. Mu 1865 anamangiriza ndalama ya markka ku siliva kuti ikhale yolimba. Mbewu zitalephera mu 1867, anachedwa kukongola ndalama zogulira chakudya kunja, poopa kufooketsa ndalamayo. Mmene chakudya chinkagulidwa n'kuti nyanja itatsala pang'ono kuundana, ndipo njala inapha anthu ambirimbiri. Anatula pansi udindo mu 1868.

Snellman anamwalira pa 4 July 1881, zaka 20 zija zisanakwane. Lamulolo linayenda mwakachetechete chifukwa akuluakulu ambiri a m'maofesi ankalizengereza, koma silinabwerere m'mbuyo. Malamulo oyendetsera dziko a 1919 anaika Chifinishi ndi Chiswidishi kukhala zinenero za dziko zonse ziwiri. Lero chiboliboli chake chili kutsogolo kwa banki yaikulu ya Finland ku Helsinki, ndipo pa 12 May, tsiku lake lobadwa, dziko lonse limakweza mbendera.