Durban: gombe, buledi ndi mowa wa khonsolo

Ndinafika ku Durban mu Disembala, nthawi imene kwathu ku Dedza anthu ali kalikiliki ndi khasu. Ndalama ya basi ananditumizira ndi achimwene, mwana wa amalume anga, amene akhala kumeneko zaka zoposa 10 akupenta nyumba za anthu. Anati ndi mphatso yoti ndamaliza ku yunivesite, ngakhale kuti pepalalo linali litagona kale m'sutikesi zaka zitatu osabala ntchito. Ndinalonjeza kuti ndikupita kukapuma basi. Koma vuto la ife amene tinaphunzira mbiri yakale ndi loti sititha kungokhala pansi n'kudya. Timayamba tafunsa kuti mpandowu ankakhalapo ndani.

Tsiku loyamba tinapita kugombe lomwe amalitcha Golden Mile. Ine nyanja yomwe ndinkaidziwa ndi ya ku Senga Bay, ndiye nditalowa m'madzi ndinatsegula kukamwa ngati kwathu, n'kumeza mchere wokwana kuthira m'ndiwo za ukwati. Madziwo ndi ofunda, chifukwa mtsinje wa m'nyanja wa Agulhas umawabweretsa kuchokera cha ku Mozambique. Anthu anali waka waka: agogo atakwinya masiketi mpaka m'maondo, ana akukuwa mafunde akawagwetsa, anyamata ndi masipika awo. Kumapeto kwina kuli uShaka Marine World, yomwe inatsegulidwa mu 2004, ndipo ukayang'ana kumpoto umaona uta woyera wa bwalo la Moses Mabhida, lomwe linamangidwira mpikisano wa mpira wa 2010.

Agogo aja ndi amene anandichititsa chidwi. Ali atsikana sakanaloledwa kuponda mchenga umenewo. Lamulo la 1953 la Reservation of Separate Amenities Act linkalola boma kusiyanitsa mabenchi, zimbudzi ndi mabasi potengera khungu, ndipo kenako linafika ndi kumagombe komwe. Pali chithunzi chodziwika cha mu 1989 cha chikwangwani cha pagombe la Durban, cholembedwa m'Chingerezi, Chiafrikaans ndi Chizulu, chonena kuti malowo ndi osambirapo azungu okha. Taganizani, anavutika kumasulira m'Chizulu n'cholinga choti mwini dziko amve bwino kuti sakufunika. F.W. de Klerk analengeza zotsegula magombe mu Novembala 1989, ndipo lamulolo linafafanizidwa mu Okutobala 1990. Si kale kwenikweni. Amayi anga anali atakwatiwa kale.

M'mbali mwa msewu muli azibambo okoka ngolo za matayala awiri, atavala zisoti zikuluzikulu za mikanda ndi nyanga. Ndi kabaza wa kumeneko, kungoti injini yake ndi miyendo. Ngolozi anazibweretsa mu zaka za m'ma 1890 ndi Marshall Campbell, mwini minda ya nzimbe, ndipo nthawi ina zinali mazanamazana mumzindawu, Azulu akukoka, azungu atakhala. Lero zatsala zochepa, za alendo ofuna zithunzi. Sindinakwere. Sindikunena kuti wokwera walakwa, poti bamboyo akufuna ya ufa, koma mtima wanga unakana. Dzina la Campbell gwirani, libweranso.

Masana achimwene ananditengera ku msewu wa Dr Yusuf Dadoo, womwe akuluakulu amautchulabe kuti Grey Street, pafupi ndi mzikiti waukulu wa Juma ndi msika wa Victoria Street. Kumeneko mphuno imayamba kudya pakamwa pasanalawe. Anaitanitsa bunny chow. Amadula buledi, n'kukumba m'kati mwake, n'kuthiramo nyama ya nkhosa kapena nyemba zophika ndi tsabola ndi zonunkhira za Chimwenye, chinkhupule chija n'kuikanso pamwamba. Palibe supuni. Umatema buledi n'kusunsa ngati nsima, ndipo msuzi umatsikira m'chigongono ukachita chibwana.

Amwenye oyamba anafika pa doko la Durban pa 16 Novembala 1860 pa sitima yotchedwa Truro, kuchokera ku Madras, kudzalima nzimbe pa kontirakiti ya zaka zisanu. Pofika 1911 anali atabwera oposa 150,000. Za chiyambi cha bunny chow anthu amakamba mosiyana. Ena amati alimi a nzimbe ankanyamuliramo ndiwo popita kumunda. Ena amati eni malesitilanti, amalonda otchedwa bania, ankagulitsira anthu akuda pa zenera chifukwa lamulo silinkawalola kukhala m'kati, ndiye buledi ndi amene anali mbale yosafuna kubweza. Nkhani ziwiri zonsezi zikugwirizana pa chinthu chimodzi: chakudyachi ndi cha munthu wopanda tebulo. Lero alendo amachijambula kaye asanadye. Inenso ndinajambula, ndisaname.

Koma malo amene anandisokoneza mutu ndi KwaMuhle Museum. Achimwene anakana kulowa, anati zoona zithunzi za anthu akufa si zawo, akandidikira panja. Nyumbayi kale inali likulu la ofesi yoyang'anira anthu akuda mumzindawu. Mwamuna aliyense wofuna ntchito ku Durban ankafola pamenepo, kuvulidwa kuti adokotala amuyeze, n'kudindiridwa pasi yonena kuti akhale kapena abwerere kumudzi. Funso ndi loti ndalama yoyendetsera zonsezi inkachokera kuti. Yankho lake ndi mowa.

Mu 1908 ku Natal kunakhazikitsidwa lamulo la Native Beer Act, ndipo kuyambira 1909 khonsolo ya Durban yokha ndi imene inkaloledwa kufulula ndi kugulitsa mowa wamasese, womwe Azulu amati utshwala. Inamanga maholo omwera mowa. Munthu wakuda akafuna kumwa movomerezeka ankayenera kupita kumeneko, kugula tikiti, kumwa pa benchi alonda akumuyang'ana. Phindu lake linkamangira mahositelo a amuna okhaokha ndi kulipirira ofesi ya mapasi ija. Kunena mwachidule, wantchito ankalipira yekha unyolo wake pa chipanda chilichonse chomwe wamwa, ndipo mzungu wokhoma msonkho sankatulutsa kanthu. Njirayi inatchuka ndi dzina loti Durban System, ndipo mizinda ina inatengera, mpaka ku Southern Rhodesia komwe agogo athu ambiri ankagwira ntchito. Usiku nawo sunali wa aliyense: munthu wakuda wopezeka m'tauni nthawi itadutsa alibe chikalata ankagona m'chitokosi.

Apa ndinakumbukira agogo anga aakazi. Fizi ya amayi anga inachokera mu mbiya ya masese. Kwathu timadziwa kuti mowa ndi banki ya mzimayi wopanda munda waukulu. Ndiye lamulo loti khonsolo yokha ifulule silinali lolimbana ndi uchidakwa ayi. Linali kulanda bizinesi m'manja mwa amayi n'kuipereka ku boma.

Anthu sanangokhala chete. Mu Juni 1929 antchito a padoko anayamba kunyanyala maholo a mowa, mothandizidwa ndi bungwe la ICU yase Natal la A.W.G. Champion. Kunabuka ndewu, anthu anafa. Ndipo apa pali ulusi wofika kwathu: ICU inayambitsidwa ku Cape Town mu 1919 ndi Clements Kadalie, Mtonga wa ku Chifira ku Nkhata Bay, wophunzira ku Livingstonia. Pofika 1929 iye ndi Champion anali atasemphana kale, nthambi ya Natal itadziimira payokha, koma mbewu anafesa ndi mwana wa kunyanja kwathu.

Zaka 30 pambuyo pake, mu Juni 1959, inali nthawi ya amayi. Ku Cato Manor, komwe eni ake amati Mkhumbane, khonsolo inali ikuphwanya migolo yawo ya mowa uku ikukonza zosamutsa anthu onse. Amayi anatenga ndodo, n'kulowa m'holo ya khonsolo, kukhuthula mowa pansi ndi kuthamangitsa amuna awo omwe amene ankamwera malipiro kumeneko. Mmodzi mwa atsogoleri awo anali Dorothy Nyembe, amene pambuyo pake anakhala kundende zaka 15. Mu Januwale 1960 apolisi 9 anaphedwa ku Cato Manor komweko atapita kukasaka mowa. Malowo anagumulidwabe. Amwenye anawapititsa ku Chatsworth, anthu akuda ku Umlazi ndi ku KwaMashu. KwaMashu kutanthauza kwa Marshall, Campbell uja wa ngolo, poti malowo anali minda yake ya nzimbe.

Nditatuluka ndinapeza achimwene akudya chimanga chootcha. "Wakhuta mbiri, mphwanga?" anandifunsa. "Tiye tsopano ukaone amoyo."

Lachisanu usiku tinayenda mu Florida Road, msewu wa malesitilanti ndi mabala, nyumba zakale za makhonde zitasanduka malo ovinira. Botolo limodzi mtengo wake ndinaumasulira m'makwacha n'kusiya kumasulira. Kunali bwino, koma kumene ndinasangalala zenizeni ndi Lamulungu ku Umlazi, pa shisa nyama. Umasankha wekha nyama pa butchala, amakuotchera, n'kubwera nayo pa thabwa pamodzi ndi pap, nsima yawo yosalimba bwino ija. Magalimoto odula anali ndondondo panja, ena ochokera m'tauni momwe, ndipo gqom, nyimbo yobadwira m'makomboni a Durban momwemo, inkagunda mpaka m'nthiti. Komboni yomwe inakulitsidwa kuti anthu achoke m'tauni ndi imene tsopano tauni imailondola ikafuna kusangalala. Amene ankatigulitsa mowa anali mayi, makiyi a firiji ali m'khosi.

Cha m'ma 9 koloko, gule atangoyamba kukoma, achimwene anandigwira paphewa kuti tizipita. Ndinadandaula. Iwo sanayankhe mpaka titalowa m'galimoto. Mu Epulo 2015, pamene alendo ankasakidwa ku Durban, anagona masiku angapo mu tenti pa bwalo la masewero ku Isipingo. Anzawo ambiri anakwera mabasi omwe boma la Malawi linatumiza. Iwo anatsala, poti kumudzi nyumba inali isanafoleredwe. Kuyambira pamenepo sayenda usiku kwambiri, ndipo m'minibasi salankhula Chichewa pa foni.

Tikudutsa pafupi ndi doko, magetsi a sitima akunyezimira pamadzi, ndinawaona akusisita thumba la malaya. Ndinafunsa ngati ataya foni.

"Ayi," anatero, "ndimangoona ngati pasipoti ilimo."