Juan Manuel Fangio (1911–1995)

Katswiri wa mipikisano ya galimoto ya Formula One, wobadwira ku Balcarce m'dziko la Argentina. Anayamba ngati makaniko. Anakhala ngwazi ya dziko lonse kasanu, mu 1951 komanso kuyambira 1954 mpaka 1957, akuyendetsa Alfa Romeo, Maserati, Mercedes-Benz ndi Ferrari. Panadutsa zaka 46 kuti Michael Schumacher amupose mu 2003.

Luso lake lenileni linaonekera pa mpikisano wa ku Nürburgring mu 1957. Amakaniko atachedwa kusintha matayala, iye anabwerera mumsewu atatsalira masekondi pafupifupi 50. Anathamangitsa Maserati yake mochititsa nthumanzi, masiku amenewo kulibe ngakhale lamba wapampando, mpaka anapitirira Peter Collins ndi Mike Hawthorn, omwe anali patsogolo, mpikisano utatsala pang'ono kutha. Anali ndi zaka 46.